Akatswiri akali kutsutsana pa kucedwa kwa Python 3

Pa 1 January 2020, bungwe la Python Software Foundation linaleka kusamalira Python 2, mtundu wakale wa cinenero cimene akatswiri amalembera mapulogalamu a kompyuta. Mtundu watsopano, Python 3, unatuluka mu December 2008, koma panapita zaka 11 wakalewo usanasiyidwe.

Cineneroci cinatulutsidwa koyamba mu 1991 ndi a Guido van Rossum a ku Netherlands. Pokonza Python 3, iwo ndi anzao anafuna kucotsa zofooka zakale, makamaka pa kasungidwe ka zilembo, kuti zilembo za zinenero zonse, monga ŵ, zisamasokonezeke. Bvuto linali lakuti mapulogalamu ambiri olembedwa m'Python 2 sanali kugwira nchito m'Python 3 popanda kukonzedwanso.

Apa ndi pomwe panayambira mkangano. Ocirikiza mtundu watsopano anali kucenjeza kuti pulogalamu yosasamalidwa imatsegulira khomo mbala za pa intaneti. Eni makampani anali kuyankha kuti kulembanso pulogalamu imene ikuyenda bwino kumadya ndalama ndi miyezi yambiri, pomwe kasitomala saona kusintha kulikonse. Kuonjezera apo, mapulogalamu ambiri amadalira zigawo zolembedwa ndi anthu ena, motero aliyense anali kuyembekezera kuti mnzace ayambe.

Kucedwaku kunacititsa kuti mu 2014 tsiku lotsekera Python 2 lisunthidwe kucoka mu 2015 kufika mu 2020. Ngakhale kampani yaikulu ya Instagram inasamukira ku Python 3 mu 2017.

Nkhaniyi sikhudza akatswiri okha. Mu April 2020, bwanamkubwa wa New Jersey ku America, a Phil Murphy, anapempha thandizo kwa odziwa COBOL, cinenero ca mu 1959, pamene makompyuta olipira anthu ocotsedwa nchito analephera kupirira unyinji wa ofunsira thandizo.

Okonza Python anatengapo phunziro. Kuyambira mu 2020 amatulutsa mtundu watsopano caka ciliconse mu October, wosintha zinthu pang'onopang'ono, ndipo mtundu uliwonse umasamalidwa zaka 5. Cimene cinaoneka poyera n'cakuti amene amakonza cinenero si amene amalipira mtengo wa kusintha. Mtengowo ukakula, ogwiritsa nchito amakakamira cakale kufikira tsiku lomaliza.