Ndodo Yoyesera Iposa Maso

Acikumbi, mvula isanagwe, pamene muli kukonza makasu ndi mbeu, semaninso ndodo yoyesera. Ambiri a ife timayesa mizere ndi mapando ndi maso, kapena ndi mapazi. Koma phazi la bambo silifanana ndi phazi la mwana, ndipo munthu wotopa madzulo sayenda monga anayendera mmawa. Cifukwa cace munda umodzi umakhala ndi miyeso itatu.

Alangizi a malimidwe amati mizere ya cimanga italikirane masentimita 75, ndi mapando masentimita 25, mbeu imodzi pa phando. Taonani kuti 25 alowa mu 75 katatu. Tsono dulani nsungwi yoongoka ya masentimita 75. Tengani luzi lolingana nayo, mulipinde patatu mofanana, ndipo lembani ndi mpeni pa nsungwiyo pamene pafika mapindiwo. Ndodo yathunthu ndiyo ya mizere. Gawo limodzi la magawo atatuwo ndilo la mapando. Wolima fodya acite cimodzimodzi: ngati mlangizi wanena masentimita 120 pa mizere ndi 60 pa mbande, apinde luzi lace pawiri.

Ena adzati, "Kusiyana kwa zala zitatu kuli ndi kanthu kanji?" Tiwerenge. Pa muyeso woyenera, hekitala imodzi imalowa mbeu zoposa 53,000. Mapando akatalikirana masentimita 30, zitsala ngati 44,000. Mapesi pafupifupi 9,000 atayika, cikhalireco thukuta lanu lagwera munda wonse. Nkhokwe idzakuuzani zimenezi m'mwezi wa February.

Cenjeraninso ndi miyeso yakale. Akulu anazolowera yadi, imene ili mafiti 3 kapena mainchi 36. Pa muyeso wa lero yadi ndi masentimita 91 ndi pang'ono, siifika mita. Inchi imodzi iposa pang'ono masentimita awiri ndi theka. Motero masentimita 75 ali pafupi ndi mainchi 30, ndipo masentimita 25 ali pafupi ndi mainchi 10. Matepi ambiri a m'masitolo ali ndi mainchi mbali yina, masentimita mbali yina. Wowerenga 25 ku mbali ya mainchi adzabzala motalikirana masentimita 63, ndipo mbeu zace sizidzafika ngakhale theka.

Yesani kamodzi mosafulumira, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Mukatha kubzala, ndodoyo muitsomeke pa tsindwi kufikira caka camawa, ndipo mnansi akaipempha musammane.