Kodi cikwapu cingathetse majanki m'Mtendere?

M'makomboni a Lusaka liwu lakuti majanki silifuna kumasulira. Ku Mtendere, Kalingalinga, Kanyama, Chawama, Matero ndi George aliyense adziwa kuti ndi anyamata, ena akali a msinkhu wa sukulu, amene amayenda m'magulu, kusuta camba, kumwa kacasu ndi kulanda mafoni ndi ndalama kwa anthu oyenda usiku kapena m'mamawa. Amai olawirira ku Soweto kukaoda ndiwo, alimi obwera ndi tomato ndi repu kucokera ku Chongwe, ngakhale akristu opita ku Misa yoyamba, onse amayenda mtima uli m'mwamba.

Nkhaniyi ikabuka pamaliro kapena pamsonkhano wa mphakati, yankho limene limamveka kawirikawiri ndi limodzi: boma linalakwa kucotsa cikwapu m'masukulu, libweze. Ena amachulanso buku la Miyambo. Dandaulo limeneli ndi la makolo amene atopa, ndipo siliyenera kusekedwa. Koma tiyeni tione bwino ngati mankhwalawa ndi a matenda amene tikudwala.

Cikwapu sicinacoke tsiku limodzi. Mu 1999 Khoti Lalikulu linaweruza mlandu wa John Banda, amene khoti laling'ono linalamula kuti akwapulidwe zikoti 10, ndipo linagamula kuti cilango cotere cinyoza umunthu ndi kuphwanya malamulo oyendetsera dziko. Mu 2003 nyumba ya malamulo inafafaniza ndime zimene zinali kulola kukwapula ana m'masukulu. Lamulo la maphunziro la 2011 linaletsa mphunzitsi kumenya mwana, ndipo lamulo la ana la 2022 linatsindikanso ciletsoco. Maboma a MMD ndi UPND onse anaikapo dzanja, cotero palibe cipani cimene cingaloze cinzake cala.

Pamene makolo ndi aphunzitsi anena zoona ndi apa: cikwapu cinacotsedwa, koma cimene cinayenera kulowa m'malo mwake sicinakwanire. Kulanga mwana popanda kumumenya kumafuna nthawi. Mphunzitsi ayenera kumudziwa dzina, kuitana makolo, kuona ngati wabwera dzulo ndi lero. Mu Januwale 2022 boma linacotsa malipiro a sukulu kufikira kusekondale, ndipo pambuyo pake linanena kuti ana oposa 2 miliyoni anaonjezeka m'makalasi. Caka comweco linalemba nchito aphunzitsi oposa 30,000. Ndi zinthu zabwino, koma makalasi a m'makomboni anadzaza kopitirira. Mphunzitsi amene ayang'ana nkhope zosawerengeka sangadziwe kuti mwana wakuti sanaoneke sabata yathunthu.

Ndiye funso lalikulu nali: kodi majanki ali m'kalasi? Ambiri mwa iwo anasiya sukulu kale, kapena analephera mayeso n'kukhala pakhomo. Cikwapu ca mphunzitsi cimafika pa mwana amene wabwera, osati pa uja ali kuseri kwa shabini nthawi ya 10 koloko m'mawa. Ndipo mwana amene ali pafupi kusiya sukulu, mukamukwapula pamaso pa anzake, mwamupatsa cifukwa cosabwereranso. Akuluakulu akumbukirenso kuti m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 ana anali kukwapulidwa tsiku ndi tsiku, koma mbala ndi zigawenga zinali mbwee mu Lusaka.

Ena amapereka citsanzo ca Singapore, kadziko ka pa cisumbu kumene malamulo amalola kukwapula anyamata m'masukulu ndiponso umbava ndi wocepa. Zimenezi n'zoona, koma tisatenge mcira n'kusiya ng'ombe. Ku Singapore pafupifupi anthu 8 mwa 10 alionse amakhala m'nyumba zomangidwa ndi boma, ndipo acinyamata ambiri amapeza nchito. Cina ndi ici: mu 2024 khoti la kumeneko linatsekera m'ndende kwa miyezi 12 S. Iswaran, amene anali nduna ya zamtengatenga, cifukwa colandira mphatso zodula ali pa udindo. Lamulo kumeneko limaluma wamng'ono ndi wamkulu yemwe. Ngati tifuna kutengera, titengere zonse.

Tsopano tione za umphawi. Kafukufuku wa bungwe la boma la ZamStats anaonetsa kuti mu 2022 anthu 60 mwa 100 alionse m'Zambia anali osauka, kucokera pa 54.4 mu 2015. Kumidzi ciwerengero cinali 78.8, ndipo m'matauni cinakwera kucoka pa 23.4 kufika pa 31.9. Mu 2024 bungwe la ansembe aciJezuiti la JCTR linawerengera kuti banja la anthu asanu mu Lusaka lifunika ndalama zoposa K10,000 pamwezi kuti lipeze zofunika, pamene malipiro ocepetsetsa a wanchito wa m'nyumba anali K1,300. Amai ndi atate ambiri a m'Mtendere amagwira nchito zotere ku Kabulonga, Woodlands ndi Ibex Hill. Amacoka kukali mdima, kubwera dzuwa litalowa. Ana amalera okha.

Alimi asaganize kuti nkhaniyi ndi ya m'tauni cabe. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza cilala kukhala tsoka la dziko lonse. Nkhokwe ikauma ku Petauke kapena ku Katete, mnyamata amatumizidwa kwa amalume ku Lusaka kuti akapeze kanchito. Akafika apeza nyumba ya zipinda ziwiri yodzala kale, nchito palibe, ndipo anzake oyamba kumulandira ndi a pamsewu. Umphawi si cilolezo ca kuba, ndipo ana osauka ambiri sakuba. Koma njala ndi kusowa cocita ndi nthaka imene mbewu yoipayi imamera msanga.

Nanga atsogoleri? Kwa zaka zambiri zipani zinali kulemba anyamata a m'makomboni, kuwagulira mowa ndi kuwatuma kukaopseza anzawo pa misonkhano, m'misika ndi m'masiteshoni a mabasi. Mwana amene anaona kuti nkhonya imabweretsa ndalama anaphunzira phunziro limene palibe mphunzitsi angalifafanize ndi cikoti. Mu Epulo 2012 Nkandu Luo, amene anali nduna ya maboma aang'ono ndiponso phungu wa Munali, analetsa tujilijili. Timapaketi tinasowa, koma mowa waukali wochipa unabwereranso m'timabotolo. Lamulo limaletsa kugulitsa mowa kwa mwana wosakwana zaka 18, ndipo zilolezo za mabala zimacokera ku khonsolo. Bala ikatsegula m'mawa pafupi ndi sukulu, pali munthu wa udindo amene watseka maso.

Ndalama nazo sitinganene kuti kulibe. Thumba la citukuko la CDF linakwera kucoka pa K1.6 miliyoni mu 2021 kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndi K36.1 miliyoni mu 2025, pa dera lililonse la phungu. Mbali ina ya ndalamazi ndi yolipirira acinyamata maphunziro a nchito zamanja monga ukalipentala, zomanga ndi zamagetsi. Mapempho amadzera ku komiti ya citukuko ya wadi. Cotero anthu a m'Mtendere ali ndi ufulu wofunsa khansala ndi phungu wao: ndi anyamata angati a muno amene analipiridwa? Anatsiriza angati? Ndi madesiki angati anafika pa sukulu iti? Ndi nyale zingati za m'misewu zimene zikuyaka? Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma linasainidwa mu Disembala 2023, ndipo mafunso otere ndiyo nchito yake.

Cimene tiyenera kukana ndi mtima wonse ndi cilango ca gulu. Kumayambiriro kwa 2020, nthawi ya mphekesera za opopera mankhwala m'nyumba, anthu makumi angapo anaphedwa ndi magulu aukali m'dziko muno popanda khoti kuwaweruza. Wakuba apite kupolisi, ndipo anthu atsatire kuti mlandu wafika pati. Wogulitsa camba aneneredwe ku DEC. Mwana amene mankhwala amugwira afunika cipatala, ndipo Chainama sili patali ndi Mtendere.

Kwa ife a m'mipingo nchito yoyamba ndi yapafupi. Mphakati uliwonse ungalembe maina a ana a m'dera lake amene sali pa sukulu, ndi kupita kukaonana ndi makolo ao ndi aphunzitsi aakulu. Makolo afike pa misonkhano ya PTA, asamangotuma mwana ndi kalata. Alimi asanakweze mnyamata basi ya ku Lusaka, adziwe kumene akagona ndi cimene akacita. Akale anati kuongola mtengo mpoyamba, ndipo ananena zoona. Koma woongola mtengo amaumangira cocirikiza ndi kuuthirira madzi. Amene atipempha voti tiwafunse za madziwo, ndipo mayankho ao tiwalembe kuti tidzawakumbutse.