Tisiyeni tivine, ndipo tifike kunyumba tili bwinobwino

Amayi, atsikana, ndi inu abambo amene mumawerenga tsamba lino mwakachetechete osalembapo kanthu, lero tikambe za dansi.

Aliyense wokhala pa Songani akudziwa mmene Lachisanu limayambira. Dzuwa likangolowa kuseri kwa phiri, masipika amayamba kulimbana. Wa bawa watsegula yake, wa saluni yake, mnyamata woika nyimbo m'mamemore khadi uja nayenso yake. Ndipo masiku ano pafupifupi onse akuliza chinthu chimodzi, amapiano, ndi ng'oma yake ija yogunda m'chifuwa ngati wina akusinja mkati mwako. Ana akumkaka akuvina. Amayi a tomato pamsika akugwedeza phewa uku akuwerenga chenji. Ifenso timavina, tisanamizane. Ena mwa ife mayeso aku koleji tinawerengera nyimbo zomwezi zili kukhutu.

Chatilembetsa ndi ichi. Mwezi wathawu mtsikana wina wa m'gulu lathu, wa zaka 19, anapita kokondwerera tsiku lobadwa la mnzake pamalo ena omwe sititchula. Anavina. Basi, ndi zokhazo zomwe anachita. Mwamuna wina anaima kumbuyo kwake ndi foni, kamera kulozetsa m'chiuno. Mmene kumacha, kanemayo anali atayenda m'magulupu a WhatsApp, atamulemba mawu omwe sitingawabwereze pano. Amalume ake a ku Joni anamuona mwini wake asanadzuke n'komwe. Pashopu pomwe amagwira ntchito anamuuza kuti ayambe wapuma kaye. Mayi ake anatha masiku atatu osaponda pamsika. Mwini wake watilola kuti tiikambe nkhaniyi, dzina lokha ayi.

Kanemayo tamuonera kangapo. Muli anyamata anayi akuvina gule yemweyo, wina mpaka malaya anavula. Palibe amene wafunsa kuti ndi ana a ndani. Wojambulayo akuyenda pa Songani pompano, akupatsidwa moni.

M'malo mwake zokamba zake n'zoti nyimbo za ku Joni zationongera ana. Akuluakulu ena akuti atsikana asamaoneke panja ikakwana 7 koloko. Timakulemekezani, makolo athu, ndipo mantha anu tikuwamva, ifenso tili ndi ang'ono athu. Koma tikumbutsane pang'ono. Simanjemanje amene munkavina inu uja anachokera kuti? Si ku Joni komweko, pamodzi ndi magumbagumba omwe ankabwera ndi a ku Wenela? Kwasakwasa ndi ndombolo za ku Congo zitafika, akulu a nthawi imeneyo sanalire kuti dziko latha? Nanga manganje, kuno ku Domasi kwenikweni, nthawi ya zinamwali, amavinidwa anthu atakhala pampando? Chiuno sichinabwere ndi amapiano. Chatsopano pano ndi foni ya kamera m'dzanja la munthu wopanda manyazi, ndiponso gulupu ya anthu mazana omwe amalandira kanema wotere n'kumutumiza patsogolo, kenako Lachisanu kapena Lamlungu n'kukakhala kutsogolo kopemphera.

Zoika malire pathupi la mkazi dziko lino linaziyesa kale. Mu 1973 boma linakhazikitsa lamulo la kavalidwe loletsa akazi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi, ndipo linakhalapo mpaka ulamuliro wa chipani chimodzi ukutha. Funsani agogo anu ngati zaka zimenezo kunalibe kugwirira. Mu Januwale 2012 mavenda ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu anavula amayi pagulu chifukwa chovala mabuluku. Amayi anasonkhana ku Blantyre kukana zimenezo, ambiri atavala mabuluku omwewo, ndipo a Joyce Banda, omwe panthawiyo anali wachiwiri kwa pulezidenti, anali nawo. Lero wovula safunikanso kukugwira. Amangodina batani. Koma maganizo ake ndi omwe aja a mavenda a 2012, oti thupi la mkazi likaoneka pagulu ndiye kuti lasanduka la aliyense.

Tikupatseni nkhani ya kanema wina. Mu Okutobala 2021 mtsikana wobadwira ku Eswatini, wodziwika ndi dzina loti Uncle Waffles, anajambulidwa akuvina uku akuliza nyimbo pamalo ena achisangalalo ku South Africa. Kanemayo anafala dziko lonse. Mu Epulo 2023 anakaliza amapiano ku Coachella, chimodzi mwa zikondwerero zikuluzikulu za nyimbo ku America. Iye uja anali mwini siteji, makina ali m'manja mwake, kanemayo anaika patsamba lake yekha, dzina lake lili pamwamba, ndalama n'kulowa m'thumba mwake. Wathu uja anabedwa chithunzi, ntchito n'kumuthera. Gule wake pafupifupi ndi yemweyo. Ndiye musatiuze kuti vuto ndi kavinidwe.

Tsopano tibwere kwa inu eni malo, kuyambira pa Songani, Chinamwali, Matawale mpaka mtauni. Positala zanu zija zoti akazi alowa ulere isanakwane 10 koloko timaziona. Poyamba tinkaziona ngati ulemu. Koma chaulere pamalonda chimakhala ndi chifukwa chake. Mumadziwa kuti akazi akadzaza, amuna alipira pakhomo ndipo agula mowa. Ndiye kuti ife ndife nyambo. Chabwino, ndi bizinesi. Koma ngati phindu lanu limabwera chifukwa ife talowa, bwanji kuchimbudzi cha akazi kulibe getsi, chitseko chopanda loko, njira yake yodutsa pomwe amuna aima pakhoma? Bwanji baunsa wanu amathamanga botolo likasweka, koma mtsikana akamuuza kuti uyu wandigwira bere, amaseka n'kumati “zakubawa izi, sisi”? Munthu wolipidwa kuti asunge mtendere asamasankhe kuti mtendere wake ndi wa mabotolo okha.

Ndipo anyamata, tamverani. Kugulira munthu chakumwa si kupereka chiwongo. Akavina nawe nyimbo imodzi, wavomera nyimbo imodziyo. Woledzera mpaka osatha kuima sangavomere kanthu, ngakhale akhale chibwenzi chako cha zaka zitatu. Ndipo inu amene mumaona mnzanu akuthira china chake m'tambula ya mtsikana n'kuyang'ana kumbali, dziwani kuti nanunso mwathira nawo.

Koma chomwe atsikana amatidandaulira kwambiri tikakhala pansi si mkati mwa kalabu ayi. Ndi njira yobwerera. Kuchoka mtauni kufika pa Songani ndi makilomita opitirira 10. Masana si nkhani, minibasi ndi ma Sienta ali mbwee. Ikakwana 2 koloko usiku msewu uli zii. Wakabaza amene wapezekayo amatchula mtengo womwe wafuna, ndipo sukumudziwa. Apa ndi pomwe amatulukira bambo wagalimoto uja, amene wakhala akukuyang'ana usiku wonse, n'kunena kuti nanenso ndikulowera cha ku Malosa. Nkhani zambiri zomwe zafika kwa ife zinayambira pa mawu amenewo. Mtsikana akapulumuka n'kukanena, funso loyamba limakhala loti unkakatani usiku. Wokonza dansi amene amatha kulipira DJ, jenereta ndi mafuta ake, sangalephere kugwirizana ndi akabaza asanu odziwika, mayina ndi manambala awo n'kumata pakhomo, mtengo n'kudziwika kusanade. Sizifuna donala izi. Zifuna munthu amene waganizirapo kuti makasitomala ake amafika bwanji kwawo.

Pena pake tisasokoneze. Zonse tikunenazi n'za akuluakulu. Mwana wosakwana zaka 18 ndi mwana, malamulo oyendetsera dziko lino anakonzedwa mu 2017 kuti zimenezi zimveke bwino. Mwana wa Fomu 2 malo ake si m'bawa, ndipo tikamupeza mmenemo mlandu ndi wa amene wamulowetsa pakhomo, amene wamugulira mowa, ndi mwini resiti hausi amene wapereka kiyi akuona nkhope ya mwana. Chomwe timakana n'choti mutenge dzina la mwanayo n'kutsekera nalo m'nyumba mayi wa zaka 25 amene amadzilipirira yekha lendi.

Zikondwerero zikuluzikulu zija ambiri a ife timangozionera pamsewu. Kukakhala chisangalalo kunyanja ku Mangochi, magalimoto ochokera ku Blantyre amadutsa pompano pa M3, nyimbo zili pamwamba, ena n'kuima kugula nthochi. Tikiti, thiransipoti ndi pogona, kuphatikiza zonse, ndi mpamba wa geni ya munthu. Komabe timanyadira kuti zilipo. Lake of Stars inayamba mu 2004 ku Chintheche ndipo yakokera alendo ambiri kuno. Sand Music Festival ndi cholowa chomwe anatisiyira malemu Lucius Banda. Tumaini, ku Dzaleka, yakhala ikuchitika kuyambira 2014 mkati mwa kampu ya othawa kwawo, kulowa kwaulere, umboni woti chikondwerero sichiyenera kukhala cha olemera okha. Kwathu kuno kuli Zomba City Festival. Sitikuloza chala aliyense wa awa. Tikungokupatsani ntchito: positala ya shoo iliyonse yomwe muione chaka chino, yaikulu kaya ya pabawa, werengani nkhope za akazi. Mukatero werengani ma DJ aakazi. Mudzatiuze m'makomenti.

Pakuti akazi mu nyimbozi alimo, nkhani ndi yoti aima pati. Onerani mavidiyo atsopano. Amene akupangitsa kuti nyimbo ifale pa TikTok ndi atsikana ovina. Sitepe ikagwira, nyimbo yagwira. Koma ndalama za ku COSOMA zimatsata mayina omwe analembedwa pa nyimboyo, ndipo wovina amene anapatsidwa ya thiransipoti ndi fanta tsiku lojambula sapezekapo. Woimba akayamba kuitanidwa m'mashoo, wovina uja ndi amene watsala ndi dzina loipa kumudzi. Oimba aakazi tili nawo, a Temwah, a Tuno, a Emmie Deebo, a Sangie ndi ena, ndipo sanafike pomwe alipo ndi chifundo cha munthu. Ndiye pali agogo athu a Jetu, omwe atchuka ali ndi zaka zoposa 70 ndi nyimbo yawo ya Wakalamba Wafuna, dziko lonse n'kuvina. Ife zimatiseketsa kuti ena mwa omwe amaombera m'manja agogowa ndi omwewo akufuna kutsekera m'nyumba mdzukulu wa zaka 19. Kodi mkazi aziyembekeza imvi kuti aloledwe kusangalala?

Chomwe ambiri sadziwa n'choti nyimbozi sizifuna bandi. Amapiano anabadwira m'makomboni a ku Pretoria ndi Johannesburg, m'zipinda za achinyamata okhala ndi kompyuta imodzi. Ng'oma yogunda m'chifuwa ija, yomwe amaitcha log drum, si ng'oma yachikopa. Imapangidwa pa pulogalamu ya pakompyuta, ambiri amagwiritsa ntchito FL Studio, yomweyo yomwe ili m'masitudiyo ang'onoang'ono a kuno kwathu. Ndiye chotchinga mtsikana si luso. Ndi laputopu, magetsi, ndi chitseko cha situdiyo. Atsikana angapo atiuza zofanana: ukapita kukajambulitsa, amakuuza kuti ubwere usiku chifukwa masana kuli phokoso, ubwere wekha, za ndalama tidzakambirana. Ena anabwerera pakhomo pomwepo, nyimbo zawo zikadali m'kope mpaka lero. Timataya oimba ndi opanga nyimbo angati mwa njira imeneyi, anthu n'kumati akazi alibe chidwi?

Za malamulo, sungani izi. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati kuchitira munthu zachipongwe zokhudza kugonana, kaya ndi mawu kaya ndi zochita zomwe iye sakuzifuna, ndi mlandu, ndipo chilango chake ndi K1,000,000 ndi zaka 5 kundende. Miliyoni ya 2013 si miliyoni ya lero, makamaka kwacha itagwa mu Novembala 2023, aphungu athu aiwonenso, koma zaka 5 zija sizinagwe mtengo. Lamulo la 2016 loona za pa intaneti, Electronic Transactions and Cyber Security Act, limaletsa kuzunza ndi kunyoza munthu kudzera pafoni kapena pakompyuta. Choncho musafufute mauthenga chifukwa cha manyazi. Jambulani sikirini, nambala ya wotumiza ioneke, tsiku lioneke. Kupolisi funsani ofesi ya Victim Support Unit, ndipo musapite nokha. Nambala ya 5600 ndi yaulere pa nkhani za nkhanza, 116 ndi ya ana, ndipo a YONECO omwe amayankha mafoniwa ali mu Zomba momwe muno. Wina akagwiriridwa, chipatala msanga, asadikire kuti abale akambirane kaye. Mankhwala oteteza ku HIV, a PEP, amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Ku Zomba Central Hospital kuli One Stop Centre.

Mnzathu uja wasankha kukadandaula, ndipo tsiku lomwe apite tipita naye. Masikirini tasunga, kuphatikizapo a anthu ena omwe akuwerenga pano. Ma admin a magulupu omwe kanemayo anadutsamo, mukadali ndi mpata womuchotsa ndi kulemba pagulupo kuti zinalakwika. Kwa eni mabawa ndi okonza madansi a pa Songani, tikubwera ndi kalata, tikambirane za getsi, loko, akabaza ndi baunsa. Amene avomere tidzawatchula pano ndi mayina kuti atsikana adziwe kopita.

Ndipo m'gulu mwathu muli laputopu imodzi, batire yake inafa koma pamagetsi imayaka. Atsikana asanu ndi mmodzi alembetsa kale kuti akufuna kuphunzira kusakaniza nyimbo, woyamba kulembetsa ndi mwini kanema uja. Tikusowa wotiphunzitsa. Ngati ndinu DJ kapena wopanga nyimbo, wamkazi kaya wamwamuna, ndipo mungathe kubwera pa Songani Loweruka masana, chitseko chili chotsegula, tilembereni ku inbox. Thiransipoti tisonkherana.