Musachipeputse Chizungulire

Amayi anzanga, mlungu wathawu mnzathu wina wa m'gulu anagwa pachitsime, ndowa ili pamutu. Miyezi itatu yonse ankamva chizungulire, koma ankati ndi njala chabe.

Chizungulire chikamabwerabwera, pitani kuchipatala. Kumeneko amayeza kuthamanga kwa magazi mutagona, kenaka mutaimirira. Amatenganso magazi pachala kuti aone ngati achepa, ndiponso kufufuza malungo ndi shuga. Mwina adzakugonekani chagada mwamsanga, mutu atautembenuzira mbali imodzi, nayang'anitsitsa maso anu. Akamagwedezeka okha, kawirikawiri gwero lili m'kati mwa khutu, ndipo nthendayi imachizika.

Koma pakamwa pakakhota, kapena dzanja likafooka mwadzidzidzi, musadikire kuti kuche.

Mnzathuyo anam'peza ndi magazi ochepa. Lero akumwa mankhwala, ndipo madzi tikumutungira ife.