Wa ku Mchinji wofuna bwato la thanga ayambire pa damu

Ku Mchinji kulibe nyanja. Madzi amene munthu wa kwa Mkanda kapena wa ku Kamwendo anakula nawo ndi a Bua, a Rusa ndi a m'madambo odzaza nthawi ya dzinja. Koma ndalama za soya, za mtedza ndi za malonda a pachipata cha Mwami zimafikitsa anthu ku Senga Bay, ndipo wina akaona thanga loyera likudutsa patali popanda phokoso la injini, mtima umamudyokoka. Bwato latsopano salikwanitsa. Amayamba kufunsa za logwirapo kale ntchito, ndipo ogulitsa sasowa: mwini malo ogona alendo amene bwato lake lakhala pamchenga zaka zingapo, kapena mlendo amene ntchito yamuthera ndipo akufuna kutaya katundu msanga.

Munthu wotereyu asathamangire kunyanja. Bwato lake loyamba likhale laling'ono, lokokeka ndi galimoto wamba, ndipo aliphunzirire pa madzi odekha. Kuchoka pa boma la Mchinji kufika ku Lilongwe pamsewu wa M12 ndi makilomita pafupifupi 110, ndipo chakumwera kwa mzindawo, ku Malingunde, kuli Kamuzu Dam kumene a Lilongwe Sailing Club amayendetsa mabwato a thanga. Ndi ulendo wopita m'mawa n'kubwerako madzulo. Salima, kumene kuli Senga Bay, ili kutsogolo makilomita ena pafupifupi 100, ndipo bwato losiyidwa kutali chotero mwini wake amaliona pa Khirisimasi ndi pa Pasaka pokha, masiku ena onse likuwombedwa ndi dzuwa.

Nyanja ya Malawi si malo ophunzirirapo. Ndi yaitali makilomita oposa 500, ndipo kumpoto imazama mamita pafupifupi 700. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera, mphepo yochokera kumwera chakum'mawa, imene imatsata utali wonse wa nyanja n'kuutsa mafunde oti asodzi obadwira pagombe amakokera mabwato kumtunda. Sitima ya Vipya, yachitsulo ndi yatsopano, inamira mu Julaye 1946 chakumpoto kwa nyanjayi, n'kupha anthu 145. Mpikisano wa mabwato a thanga umene unayamba mu 1984, wochoka ku Mangochi kulowera kumpoto, umachitika dala m'nyengo ya mwera yomweyo, chifukwa akatswiri amafuna mphepo yamphamvu. Wongoyamba kumene akauonera, asaganize kuti ndi mmene aliyense amayambira.

Mabwato ambiri a pampikisanowu ndi a matupi awiri, ndipo wodziwika kwambiri ndi Hobie 16, wopangidwa ndi Hobie Alter wa ku California, wotalika mamita 5. Amathamanga, amasangalatsa, koma akagudubuka munthu mmodzi wopepuka amalephera kumudzutsa. Wongoyamba angachite bwino ndi bwato la thupi limodzi ngati Laser, lotalika mamita 4.2, limene thupi lake limalemera makilogalamu osakwana 60. Anthu awiri amalinyamula, ndipo likagudubuka mwini wake amalidzutsa yekha.

Tsiku lokaona bwato, utoto usamunamize. Alione lili kumtunda. Ngati ndi la faiba, adinikize ndi chikhatho pamwamba ponse. Pamene pakubonyoka kapena kulira ngati pepala louma, ndiye kuti zigawo za faiba zalekana m'kati. Pa Hobie 16 nthenda imeneyi imakonda kutsogolo kwa mizati imene yanyamula chinsalu chokhalapo, ndipo kuikonza ndi ntchito yodula. Pa Laser pali dzenje limene mlongoti umakhalamo. Athiremo madzi mpaka m'kamwa, adikire mphindi zingapo; madziwo akatsika, pansi pake pang'ambika, ndipo tsiku lina mlongoti udzagwa ndi mphepo. Atsegule kachitsekero ka kumbuyo n'kutukula mutu wa bwato: madzi ambiri akatuluka, wogulitsa afotokoze polowera pake. Wogula ng'ombe ya ngolo pamsika amaiyasamitsa kuti aone mano, mwini wake akwiye asakwiye, ndipo apa n'chimodzimodzi.

Thanga ndilo limabisa ndalama zambiri. Dzuwa la kuno limadya nsalu ndi ulusi womwe. Alitambasule lonse pansi, akande msoko ndi chikhadabo. Ulusi ukaduka, thangalo latha ngakhale likuoneka loyera. Ayendetse kansalu pa mawaya ogwira mlongoti, ndipo kakakodwa ndiye kuti timawaya tayamba kuthothoka. Chiwongolero chisagwedere pomangirira pake. Zinthu zimenezi sizipezeka m'sitolo ya zitsulo ya ku Area 2 ku Lilongwe. Zambiri zimachokera ku South Africa, ndipo chitsikire mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kabawuti kamodzi kosachita dzimbiri kamasanduka nkhani ya ndalama zakunja. Bwato lotchipa lopanda thanga labwino n'lokwera mtengo kuposa lodula limene lili ndi zonse.

Ena angafunse chifukwa chake munthu asangogula la matabwa, ngati aja amayenda ndi thanga pakati pa Likoma, Chizumulu ndi gombe la Mozambique. Funsoli n'lomveka, ndipo mabwato amenewa ali ndi ubwino umene a faiba alibe: mmisiri wa pagombe amawakonza ndi thabwa, misomali, thonje ndi phula. Koma madzi opanda mchere amawoletsa matabwa msanga, makamaka pamene madzi a mvula amakhazikika pansi. Wogula abaye nthiti za bwato ndi msana wake ndi nsonga ya mpeni; ikalowa mosavuta, abwerere. Ndiponso bwato la matabwa likakhalitsa kumtunda limauma, mipata n'kutseguka. Limafuna munthu wokhala nalo pafupi tsiku ndi tsiku, ndipo wa ku Mchinji si munthu ameneyo pokhapokha alembe wina ntchito.

Kukhala pamalire kumabweretsa chiyeso china. Bwato lotsatsidwa ku Lusaka limaoneka lapafupi, popeza chipata cha Mchinji ndi Mwami chinasanduka choyima kamodzi mu Disembala 2022. Msonkho wa MRA ulipobe, ngolo yokokera bwato imafuna mapepala akeake, ndipo bwato lokhala ku Zambia silingayesedwe pa madzi wogula asanalipire popanda ulendo wina wautali. Kulikonse kumene lagulidwa, pakhale kalata yogulitsirana yolembedwa nambala ya pathupi ndi ya pathanga, ndipo asanalilowetse m'nyanja afunse ku dipatimenti yoona za maulendo a pamadzi zimene lamulo la Inland Waters Shipping Act likufuna pa bwato la msinkhu umenewo.

Anthu a ku Mchinji safunika kuuzidwa kuti madzi ochepa amapha. Mu Epulo 2023 bwato lonyamula anthu 22 opita kumaliro linagudubuka mu Rusa, ndipo ambiri mwa iwo sanatuluke amoyo. Choncho pa ndalama zimene wogula wasunga, ayambe wachotsapo za majekete oyandamitsa okwanira aliyense wokwera, ana omwe, ndi za munthu womuphunzitsa kusambira ndi kudzutsa bwato logudubuka pa damu paja. Zotsalazo ndizo apite nazo kwa wogulitsa, ndipo apite ndi mnzake amene anayendetsapo bwato la mtundu womwewo.