Ekizozi Yaphokoso Imagonthetsa Mwini Wake

Anyamata ena a kabaza amachotsa ekizozi yobwera ndi njinga yamoto n'kuikapo ina yolira ngati bingu, ati oyenda pansi aziwamvera patali. Kunena zoona, uku n'kudzipweteka okha. Phokoso lopitirira madesibelo 85, munthu akamalimva maola 8 tsiku lililonse, limaononga makutu, ndipo kugontha kotereku sikuchizika. Woyamba kugontha ndi mwini njingayo, poti ndiye amaswera nayo.

Komatu mankhwala ake ngosavuta. Makaniko abwezeretse kachitsulo kamabowobowo kotchedwa baffle m'kati mwa ekizoziyo, akakulunge ndi fibreglass watsopano, amangitsenso polumikizira pamene utsi ukuthawira. Pofuna kuchenjeza anthu, hutala ilipo. Nanga makanda ogona ndi odwala a m'mbali mwa msewu analakwanji?