Mutu waching'alang'ala si ulesi

A Mkonzi,

Bambo amene analemba sabata yatha kuti odwala mutu waching'alang'ala angomwa Panadol n'kupita kuntchito andikhumudwitsa. Kodi bambowo anadwalapo mutu wosanzitsa, wothawitsa munthu kuwala?

Kuno ku Kanyama, Chawama ndi George mapilitsi amagulitsidwa pa kantemba paliponse, ndipo ambiri amangomeza tsiku ndi tsiku. Kumwa mankhwala opha ululu masiku 15 kapena kuposa pamwezi kumabweretsa mutu wina wosatha. Kafukufuku wa a Edward Mbewe ndi anzawo, wofalitsidwa mu 2015, anapeza kuti vutoli n'lalikulu m'Zambia, makamaka m'matauni. Malangizo a bambowo akukolezera moto.

Mankhwala oyesedwa bwino alipo. Propranolol ndi amitriptyline amachepetsa kubwerabwera kwa mutu waching'alang'ala. Sumatriptan amauletsa ukayamba, ndipo bungwe la WHO linamuika pamndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2021. Mutu wina, wa cluster, wolasa kuseri kwa diso limodzi, umamvera mpweya wa okisijeni.

Chipatala cha UTH chinayamba kuphunzitsa madokotala a ubongo ndi mitsempha mu 2018. A Unduna wa Zaumoyo, tifikitsireni mankhwalawa m'zipatala za Matero, Kanyama ndi Chawama.

Wowerenga wanu,
Kanyama, Lusaka